Nsalu Imene Ndinadula ku Woodbridge

Anthu akandipeza pakhonde pano ndikupalasa makina amakonda kundifunsa kuti ku Amereka ndinachokerako chiyani, poti anzanga amakakamira komweko mpaka kubwera m'bokosi. Ndimayankha kuti kunandikana kuzizira. Amaseka, n'kundisiya. Za majekete awiri aja sindikamba kawirikawiri, chifukwa ndikayamba kukamba ena amanyamuka nkhani isanathe.

Ndinachoka ku Limbe ndili kale telala wodziwika, wa makina anga ndi khonde langa. Mkazi wanga anandiperekeza mpaka ku Chileka atavala diresi limene ndinamusokera sabata yomweyo, ndipo sanalire mpaka nditalowa mkati. Ndinamuuza kuti ndikakhala zaka ziwiri. Aliyense wopita kumeneko amanena zaka ziwiri.

Ntchito yoyamba ndinaipeza ku Landover, m'chinyumba chosungiramo katundu, kukweza ndi kutsitsa makatoni. Zala zimene zinkalowetsa ulusi pa singano osayang'ana zinatupa n'kung'ambika ndi chisanu. Tinkagona amuna anayi m'chipinda chapansi pa nyumba ya munthu, Amalawi awiri ndi a ku Zambia awiri, kusinthana mabedi malinga ndi mashifiti. Tinkametana tokha, ndipo wina akadwala otsalawo ankamuphikira n'kumamunyoza kuti akudwala ulesi. Zimene ndinkatumiza kumudzi zinaphunzitsa ana ndi kufolera nyumba ndi malata, koma ine ndinkadziona kuti ndikutha ngati sopo.

Amai Zulu ndinakumana nawo kutchalitchi ku Woodbridge, m'holo ina yabendi momwe Amalawi ndi a ku Zambia tinkapempherera limodzi. Pakamwa panga sipachedwa. Nditaona yunifolomu ya kwaya, mikono itakhota ngati yasokedwa mumdima, ndinauza mayi amene anakhala pafupi nane kuti wosoka zimenezi akufunika kumangidwa. Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Vinachokela ku shopu yanga," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Ngati ndimwe odziwa, bwelani mailo mutionetse."

Ndinapitadi m'mawa mwake, ndipo ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Anali mayi wamasiye wochokera ku Chipata, amene anasamala okalamba a eni dzikolo kwa zaka zambiri mpaka anatsegula kashopu kogulitsa zitenje ndi kusoka zovala za maukwati. Kusoka sankakutha kwenikweni, koma nsalu ankaidziwa poigwira chabe. Anandipatsa chipinda m'nyumba mwawo. Nditadwala chibayo anandithamangitsira kuchipatala n'kuuza anamwino kuti ndine mlongo wawo, ndipo kuyambira pamenepo sananditchulenso dzina lina koma "alongo". Ntchito, pogona ndi tchalitchi zonse zinali m'dzanja limodzi, ndipo sindinkaona vuto chifukwa dzanjalo linali labwino.

Chikhulupiriro chawo sichinali cha pakamwa. Lamulungu shopu inkakhala yotseka ngakhale maukwati atachuluka bwanji. M'mawa uliwonse tisanatsegule chitseko ankandigwira manja onse awiri n'kupemphera, kupempherera makasitomala, makina, ngakhale amene ankatinyoza.

Tsiku lina mitengo itayamba kuphukira, Amai Zulu atapita kukagula zipi ndi mabatani, munalowa anyamata awiri. Mmodzi anandipatsa moni wa Chichewa choyera. Anati dzina lake ndi Dalitso, kwawo ku Zomba, anabwera kudzaphunzira ndipo tsopano amagwira ntchito ya makompyuta, amakhala ku Germantown. Mnzakeyo anali Mmereka wakuda, wamtali, woseka msanga, dzina lake Andre. Ankafuna majekete awiri ofanana a ukwati. Nsalu anabwera nayo okha, chitenje cholimba chabuluu chokhala ndi nkhanga, chimene mayi ake a Dalitso anagula pamsika ku Zomba n'kupatsira munthu amene ankabwera.

Pamene ndinkayala nsaluyo patebulo, awiriwo anaima pafupi atagwirana manja. Mtima wanga unasangalala. Kwathu amuna awiri ogwirizana amayenda atakolana zala msewu wonse wa Limbe popanda wocheuka, koma ku Amereka ndinali ndisanazionepo. Kumeneko ngakhale moni wa pamanja amaufulumiza ngati agwira mbale yotentha. Ndinati mumtima, mwana uyu sanataye khalidwe, mpaka waphunzitsa mnzakeyu. Ndinangoti mmodzi ndi mkwati, winayo ndi besitimani.

"Nanga mlamu wathu diresi akasoketsa kuti?" ndinafunsa ndikumuyeza mapewa. "Musatithawitse kasitomala."

Dalitso anayang'ana pansi n'kuseka pang'ono. "Za diresi musadandaule, amalume."

Sindinafunsenso. Akuluakulu anati safunsa adadya phula, ndipo ine ndinalidya masana omwewo. Nsaluyo inali yongokwanira, yopanda yotsala, ndipo nkhanga zinkafunika kukumana bwino pamsoko wa kumsana. Ndinaiyeza kawiri, ndinaijambula ndi choko, ndinaidula.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi, bambo wina wachikulire wachisilamu wa ku Limbe, anali ndi lamulo limodzi limene ankatibwerezera mpaka kutopetsa. Ankati nsalu ya munthu uziikana isanalawe sizasi. Ukangoidula ndi mlandu wako mpaka utaimaliza, chifukwa palibe telala amene amalola kumaliza zimene wadula mnzake. Kubweza nsalu yodula n'chimodzimodzi kuiponya pamoto mwiniwake akuona.

Anabwera kudzayeza patatha sabata, Amai Zulu alipo. Jekete la Andre linali litagwirizidwa kale ndi ulusi, linalo linali likadali zidutswa. Andre anaima pagalasi, anatembenuka uku ndi uku, kenako anamukoka Dalitso m'chiuno n'kuuza Amai Zulu m'Chingerezi kuti iye ndi munthu wamwayi kukwatirana ndi mnyamata ameneyu. Ine ndinali nditagwada, mapini ali pakamwa, ndipo ndi Mulungu yekha amene anachititsa kuti ndisawameze.

Amai Zulu anakoka mpando n'kukhala.

"Dalitso, mwana wanga, ukwati uyu ni wa ndani na ndani?"

"Wa ine ndi Andre, amayi."

Anasisita tebulo ndi chala. Sanakweze mawu.

"Mwana wanga, sinidana nawe. Ukabwela na buluku yong'ambika tizakusokela, ukabwela na njala uzadya. Koma vovala va ukwati uyu siningachite. Nizakayankha chani kwa Mulungu?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Alongo, longezani."

Ndinamuvula Andre jekete lija, ndinasonkhanitsa zidutswa, mikono, makolala, zonse, n'kuziika m'jumbo. Amai Zulu anati awagulira nsalu ina yabwino kuposa imeneyo kuti akasoketse kwina. Andre anali atayamba kale kuyankhula mofulumira, kunena kuti zimenezi n'zosaloleka, shopu yotsegulira anthu onse singasankhe makasitomala chonchi. Dalitso sanayang'ane Amai Zulu. Anayang'ana ine.

"Amalume, nsaluyi ndi ya amayi anga. Mwaidula kale."

Ndinamupatsa jumbo lija ndi manja awiri ngati ndikumupatsa mphatso.

Ndisaname pano. Zimene ndinamva tsiku limenelo zinandinyansa. Ndinakulira m'tchalitchi, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ukwati wotero ndimaumvetsa. Ndinakwiyanso kuti mwanayo anandisiya ndikuseka za mlamu pamene akudziwa. Koma masiku otsatira ndikakhala pamakina, chimene chinkandidya sichinali chimenecho. Chinali jumbo lija. Pa zaka zanga zonse ndinasokera mbala zodziwika, ndinasoka madiresi a akazi achitatu, ndinasoka malaya a chipani ichi m'mawa ndi a chipani icho madzulo. Ngakhale m'shopu momwemo tinasokera suti bambo wina wa mumpingo amene tonse tinkadziwa kuti anasiya mkazi wamoyo ku Lusaka. Koma ndinali ndisanabwezepo nsalu yodula.

Nambala ya Dalitso inali m'buku la miyeso. Ndinaimba ndine.

Lolemba linali tsiku langa lopuma. Ndinauza Amai Zulu kuti ndikukaona anzanga akale ku Landover, ndinakwera sitima ya m'mawa, ndinasintha kawiri, mpaka ndinafika ku Germantown. Ndinasokera patebulo la kukhitchini kwawo, pa timakina tapulasitiki tobwereka kwa neba, timene tinkalira ngati mwana wa mbuzi. Andre anandiikira tiyi pambali. Sindinamwe. Anachotsa atazizira n'kubweretsa wina, ameneyonso sindinamwe. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero, koma ndi mmene zinalili.

Dalitso anakhala pafupi akundigwirira nsalu.

"Ndinalephera kukuuzani tsiku lija, amalume. Ndikanakuuzani, mukanaidula?"

"Sindikanaidula."

"Nanga mwabwereranji?"

"Ndabwerera nsalu."

Anagwedeza mutu ngati yankho limenelo ankaliyembekezera. Ndinamufunsa ngati mayi ake akudziwa. Anati akudziwa, analira mwezi wathunthu osayankha foni, kenako anapita kumsika kukagula nsaluyi. Nditamva zimenezo ndinachepetsa liwiro la makina, chifukwa ndinaopa kukhotetsa msoko.

Ndinapita Malolemba awiri. Tsiku lomaliza ndinamupempha Dalitso kuti nkhani ya kushopu aisiye, Amai Zulu si oipa. Anati Andre wakadandaula kale ku ofesi ya boma yoona za tsankho, ndipo iye sanamuletse.

"Ndatopa ndi kupepesa, amalume. Ndinachoka kwathu kuti ndisiye kubisala. Ndiye ndizidzabisalanso kuno, kwa anthu a kwathu omwewo?"

Ndinasita majekete aja, ndinawapachika pachitseko, n'kumapita. Ku ukwati anandiitana, koma sindinapite.

Kalata ya ku ofesi ija inafika, ndipo nkhani inafalikira pa intaneti. Foni ya pashopu inayamba kulira ndi anthu osawadziwa. Ena ankatukwana Amai Zulu n'kuwauza kuti abwerere kumene anachokera. Ena ankatumiza maluwa, kuwatcha ngwazi, kufuna kuwajambula. Iwo sankafuna zonse ziwirizo. Ankangofuna shopu yawo ndi mtendere ndi Mulungu wawo. Anawonda, madiresi anayamba kuwakhwepa, ndipo ndine ndinkawabweza m'chiuno. M'mawa uliwonse ankandigwirabe manja, ndipo m'pemphero anawonjezera mawu atsopano, kuthokoza Mulungu chifukwa cha mlongo wawo amene waima nawo pamene ena athawa. Ndinkayankha amen mutu uli pansi. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinali nditayamba kale kunyowa.

Mpingo unawapezera loya, mnyamata wachizungu waulemu wochokera ku bungwe lina loteteza okhulupirira. Anabwera pashopu masana ena n'kutifotokozera kuti kumeneko malamulo awiri amagundana mitu. Lina limati wamalonda asakane munthu chifukwa cha amene amamukonda. Lina limati boma lisakakamize munthu kunena kapena kupanga chimene chikhulupiriro chake chikukana. Kugulitsa batani ndi malonda chabe, anatero, koma kusoka chovala cha ukwati ndi luso, ndipo luso ndi kuyankhula. Ndinatsala pang'ono kuseka. Zaka makumi awiri pakhonde ku Limbe palibe anandiuzapo kuti ndikuyankhula. Ankangondiuza kuti ndachedwetsa buluku.

Kenako anatulutsa pepala. Poti Amai Zulu sasoka okha, mlanduwo unatsamira pa manja anga. Pepalalo linkanena kuti ine, wodula ndi wosoka wa shopuyo, nditadziwa za ukwatiwo, chikumbumtima changa sichikanalola manja anga kumaliza zovalazo. Ndinkafunika kusaina molumbira.

Ndinaliwerenga kawiri. Amai Zulu anandipatsa cholembera chawo, akumwetulira mmene munthu amamwetulira kwa wake. Ndinadziwa kuti ndikasaina ndisunga ntchito, chipinda, mpando wanga kutchalitchi, ndi mayi amene anandigoneka m'chipatala. Ndinadziwanso kuti majekete aja ali pa zithunzi za ukwati, ndipo msoko wanga aliyense wa mumpingo angauzindikire. Koma ngakhale pakanapanda zithunzi, kulumbira bodza pa dzina la Mulungu kuti nditeteze nkhani ya Mulungu kunandikanika.

"Amai, sindingasaine."

"Chifukwa?"

"Majekete aja ndinawamaliza. Ku Landover kuja sindinkapita. Ndinkapita kwa Dalitso."

Loya uja anayang'ana uku ndi uku, osamva Chichewa. Amai Zulu anandilanda cholembera chija pang'onopang'ono n'kuchitseka.

"Munasoka?"

"Ndinasoka."

"Onse awili?"

"Onse awiri. Nsalu inali yodula kale, Amai. Sindikanatha kuisiya choncho."

Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo zikanandipepukira. Koma anayankhula motsitsa.

"Kuti munasoka, izo ni za imwe na Mulungu wanu. Koma m'mawa uliwonse munali kunigwila manja. Ine kuyamika Mulungu kuti sinili nekha, imwe kuyankha amen. Kansi nakhala nili nekha masiku onse aya."

Pa kusoka ndikhoza kudziteteza pamaso pa aliyense. Pa amen uja ndilibe chonena.

Munthu wa ku ofesi ija atandiitana ndinanena zonse mmene zinalili: kuti mayiwo anakanadi, kuti ananena chifukwa chake poyera, kuti sanatukwane munthu, kuti ine ndinamaliza ntchitoyo mobisa. Mbali zonse ziwiri sizinakondwe nane. A kwa Andre ankafuna ndinene kuti mayiwo ndi odana ndi anthu, ndipo ndinakana chifukwa si zoona. Ndinamva kuti nkhaniyo inathera m'maofesi osafika kukhoti, koma zimene anagwirizana palibe anandiuza.

Amai Zulu sanandithamangitse. Ankandiikira chakudya mufiriji monga kale, koma pemphero la m'mawa anayamba kupempherera m'galimoto asanalowe. Kutchalitchi akulu a mpingo anandichotsa pa ntchito yolandira alendo pakhomo, ndipo mpando wa pafupi ndi ine unkakhala wopanda munthu ngakhale holo itadzaza. Patatha mwezi ndinalongeza ndekha n'kubwerera ku makatoni a ku Landover. Anzanga akale aja anandipatsa bedi osafunsa zambiri, ngakhale mmodzi anasiya kundimeta. Dalitso ananditumizira chithunzi cha ukwati. Ndinayang'ana mapewa okha, anakhala bwino, kenako ndinachifufuta. Msana unandipirira chaka chimodzi, chachiwiri unakana, ndipo ndinagula tikiti.

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike, kudzera m'magulu a pafoni, itakula kale miyendo. Ena ankati ndinali besitimani pa ukwatiwo. Mkazi wanga anandifunsa kamodzi, ndinamufotokozera, anati, "Inunso ndi nsalu zanuzo," ndipo sanaikambenso. Mwana wanga wamwamuna, amene ndinamusiya ali ku pulayimale, ndinamupeza ali mtsogoleri wa achinyamata kutchalitchi, wa ndevu zake. Amandilemekeza, amandigwadira popereka moni. Chaka chatha anakwatira, ndipo suti yake anakasoketsa kwa telala wina kutsidya kwa msewu. Anati sankafuna kunditopetsa.

Zimenezo zinandipweteka, koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndikamapalasa makinawa ndi tsiku limene ndinakatsanzika. Munthu suchoka m'dziko osatsanzika amene anakusunga, ngakhale mutasiyana bwanji. Kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke ndinakwera basi mpaka ku Woodbridge. Shopu inali ikadalipo. Pamakina panga panali mayi wina wa ku West Africa, ndipo Amai Zulu anali pakauntala akupinda zitenje, imvi zitachuluka.

Anandilandira bwino. Anafunsa za msana, za ana, za tsiku la ndege. Anasankha chitenje chimodzi chabwino kuti ndikapatse mkazi wanga. Ndinayesa kuyamba mawu amene ndinawakonza m'basi monse muja, koma anakweza dzanja.

"Vinapita ivo. Tiyeni tipemphele, ulendo ni utali."

Ndinatambasula manja anga onse awiri monga kale. Iwo anapinda awo pachifuwa n'kutsinzina. Anapemphera pemphero labwino, lalitali, lochokera pansi pa mtima, kupempherera ndege, woyendetsa, ndi banja limene likudikira. Kenako anati, "Ambuye, muyende naye mlendo uyu, mukamufikitse kwawo."

Manja anga anali akadali m'malere. Ndinawabweza pang'onopang'ono kuti mayi wa pamakina uja asaone, ndipo ndinayankha kuti amen.